Bafa ndi khitchini zimene sizidzakuchititsani manyazi pakatha zaka khumi

Mayi wina amene akumanga ku Njewa wandilembera imelo. Denga latha, pulasitala yatha, tsopano afika pa matailosi a kubafa ndi mwala woika pamwamba pa makabati a kukhitchini, ndipo akuopa kugula zinthu zoti alendo azidzangoti akalowa, "Apa ndiye munamanga nthawi ya uje." Mayi, mwandikhudza pachilonda. Nkhani yomweyi inatsala pang'ono kutidanitsa kwathu.

Ife titafika pomwe mwafikapo, kunabwera alamu anga ochokera ku Johannesburg, foni itadzaza zithunzi. Mipopi yakuda bii, matailosi otuwa kuchokera pansi mpaka kudenga, khoma limodzi la zoyerekeza marble zokhala ndi mizere yagolide, sinki yooneka ngati mbale yokhala pamwamba pa kabati. Bambo a kunyumba anangoti kuona, mtima dyokodyoko. Mmisiri wathu naye, munthu woti dzulo lake ankagwirizana nane, anatembenuka pomwepo: "Madamu, izi ndi zimene zikuyenda panopa." Kusitolo nako mnyamata wogulitsa anali ndi mawu amodzi okha pa bokosi lililonse limene ndaloza, akuti zangofika kumene. Ndinakhala ndekha mbali yanga, ndipo kwa masabata angapo ndinkatchedwa wachikale patebulo panga pomwe, nsima ndaphika ndine.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi nyumba ya azakhali ku Zomba, imodzi mwa nyumba zakale za boma zija. Kubafa kwawo zonse zinali zobiriwira: bafa logonamo, sinki, chimbudzi, ngakhale kachoikapo sopo. Mtundu umenewo unatchuka kwambiri ku Britain m'zaka za m'ma 1970 ndipo unafika kuno ndi nyumba za mabwana. Ife ana ochokera kumudzi tinkalimbirana kukasamba mmenemo, tinkati chuma ndi chimenechi. Patapita zaka thanki ya chimbudzi inang'aluka. Azakhali anayendayenda mu Limbe monse kufuna yobiriwira, osaipeza, mpaka anaika yoyera. Kuyambira tsiku limenelo bafa lonse linakalamba kamodzi n'kamodzi. Mlendo akapempha kukadzithandiza, azakhali ankayamba ndi kupepesa.

Koma nyumba yomweyo pabalaza panali simenti yofiira, ija yopaka Cobra Loweruka m'mawa ndi kupukuta ndi chikoko cha kokonati mpaka nkhope kuonekamo. Simenti imeneyo ndi yakale kuposa bafa lobiriwira lija, komatu palibe anaiseka ndi kamodzi komwe. Ndinkadabwa nazo zimenezi kwa nthawi yaitali. Yankho limene ndinafikapo ndi lakuti simenti ija sinkanamizira kukhala china chilichonse, inali simenti basi, ndipo ikang'aluka mmisiri aliyense wa pa msika ankatha kuikonza. Bafa lija linagulidwa chifukwa linali fashoni, ndiye fashoniyo itapita linatsala lopanda chifukwa chokhalira pamenepo.

Yendani m'nyumba za ku Area 47 kapena ku Namiwawa, mudzatha kutchula zaka zimene mwini wake anapeza ndalama pongoyang'ana kubafa. Kuli za matailosi achikasu chotuwira okhala ndi lamba wa maluwa wozungulira khoma pa msinkhu wa pachifuwa. Kuli za bulawuni paliponse. Kuli za timagalasi ting'onoting'ono tonyezimira kuseri kwa sinki. Aliyense wa anthu amenewa anauzidwa kusitolo kuti izi sizidzatha fashoni. Ndiye ndinene mosapsatira: kutuwa kumene kwadzaza pa Facebook ndi TikTok lero, pamodzi ndi siling'i ya gypsum ya magetsi abuluu, ndi bafa lobiriwira la mawa. Ndikudziwa ena mwa inu mwangomaliza kumene kuika zimenezi. Pepani, koma sindibweza.

Ndipo chimene ndimadana nacho kwambiri ndi zoyerekeza. Tailosi yojambulidwa kuti ioneke ngati marble, mzere womwewo kubwerezedwa pa tailosi yachinayi iliyonse, diso limagwira bodzalo ngakhale mwini diso sakudziwa chimene chamuvuta. Pulasitiki wonamizira thabwa. Mpopi wopakidwa utoto wagolide. Chikomekome cha mkuyu chenicheni. Chaka choyamba zimakongola pa chithunzi, chaka chachitatu utoto wayamba kusupuka pamene dzanja limagwira tsiku ndi tsiku, ndipo chinthu chosupuka chimaoneka chachikale msanga kuposa chinthu cha mtundu wolakwika.

Apa ndi pamene zithunzi za alamu anga zinkandipsetsa mtima. Nyumba za m'zithunzizo zilibe fumbi la katondo la mwezi wa Okutobala. Zilibe madzi a pa mjigo kapena a chitsime chokumba pakhomo, amene m'madera ambiri amakhala ndi mchere woti akauma amasiya mawanga oyera. Pa mpopi wakuda ndi pa tailosi yakuda yonyezimira, mawanga amenewo amaoneka muli pakhomo. Zilibenso zidebe ndi migolo ya madzi imene timasunga kubafa chifukwa mpopi umatha kuuma osatsanzika; chidebe chodzaza chikamakokedwa pa tailosi yonyezimira chimasiya mikwingwirima yosachoka. Ndipo palibe amene amafunsa kuti azikolopa ndani. Kawirikawiri ndi mtsikana wantchito kapena mwana wa m'nyumba, amene akaona mawanga osachoka amathamangira asidi uja wogulitsidwa m'mahadiweya wotchedwa spirits of salts. Asidi ameneyo amadya grout (simenti yotseka mipata ya pakati pa matailosi), amawononga mipopi, ndipo pa marble ndiye amasiya chipsera. Musanasankhe chilichonse, tengani tailosi imodzi kusitolo, muithire madzi a pakhomo panu, muisiye iume pawindo masiku awiri. Mudzaona nokha zimene wogulitsa sangakuuzeni.

Pali nkhani inanso ya ndalama imene anzathu a kunja saiganizira. Pafupifupi zonsezi zimachokera kunja, ku South Africa, ku China, ku India, ku Tanzania. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'masitolo a zomangira inasintha tikuona, ndipo ndalama zakunja zikasowa katundu amene analipo mwezi watha sabweranso. Tailosi yachilendo imene mwaikonda lero mwina inabwera kontena imodzi yokha. Paipi ikadzaphulika m'khoma, pulambala n'kuswa matailosi asanu, mudzalowera kuti? Yoyera wamba imapezeka chaka chilichonse, sitolo iliyonse, kuyambira ku Malangalanga mpaka ku Mzuzu.

Kwathu mkangano unatha mwa mgwirizano wa theka. Ine ndinapambana pa zonse zomatidwa ndi simenti, alamu ndi achimwene awo anapambana pa zonse zomangidwa ndi sikuluwu: galasi lozungulira la felemu yakuda, nyale, zogwirira za makabati. Galasi lija linachoka kale, linapita ku boys' quarters, ndipo palibe analira.

Za kukhitchini

Poto wa nsima akachoka pamoto safunsa kuti pamene akuterapo pagulidwa ndalama zingati. Magetsi akazima timaphika pa mbaula panja, n'kulowa ndi poto wotentha, wamwaye kunsi, kufuna poika msanga. Mwala wanu uyenera kupirira zimenezo.

Granite amapirira. Ndi mwala weniweni, wolimba kuposa mpeni wanu, ndipo wina amene amagulitsidwa kuno ndi wa kufupi konkuno: wakuda wa ku Mutoko ku Zimbabwe ndi wotuwa moderapo wa ku Rustenburg ku South Africa. Ine ndimakonda wa Rustenburg chifukwa timadontho take timabisa nyenyeswa ndi mawanga a madzi, pamene wakuda bii amaonetsa chala chilichonse. Pewani wa mizere yofiira ndi yagolide yokhotakhota, ndi amene amakalamba. Granite wa mtundu woyererapo amamwa mafuta, ndiye amafuna kupakidwa sealer, mankhwala otseka timabowo ta mwala, nthawi ndi nthawi. M'mphepete muuze mmisiri adule mowongoka, angofafaniza kuthwa kwake, asapange mapewa ndi masitepe aja.

Marble musiyeni. Ndi wofewa ndipo ndimu, viniga ngakhale tomato zimamudya, ndiye tiuzeni ndiwo ya kuno yopanda tomato. Quartz ndi mwala wopera, pafupifupi magawo 90 pa 100, womatidwa ndi resin, guluu wonga pulasitiki. Samwa mafuta, amaoneka bwino, koma resin imapsa ndi poto wotentha ndipo chipseracho sichichoka. Komanso fumbi lake podula limawononga mapapo moti dziko la Australia linaletsa mwala wotere kuyambira Julayi 2024. Ndimaganiza za anyamata amene ndimawaona akudula miyala ndi grinder m'mbali mwa msewu, nkhope zili mbuu, opanda chophimba pamphuno. Ngakhale granite ali ndi fumbi loipa lomwelo. Ngati akudulira pakhomo panu, auzeni azithira madzi podula ndipo muwagulire zophimba kumaso zenizeni, si ndalama zambiri.

Ndalama zikachepa, musachite manyazi ndi thabwa lokutidwa ndi Formica, bola la mtundu umodzi wosalankhula, ndipo pozungulira sinki pamatidwe silicone bwinobwino chifukwa madzi akalowa limafufuma. Kapena funani mmisiri wachikulire wodziwa terrazzo, simenti ija yosakaniza ndi timiyala n'kusalazidwa. Masinki ochapira ndi makonde a terrazzo a m'nyumba zakale akadalipo mpaka lero, ndipo a kunja ayambanso kuisirira.

Kubafa ndifupikitsa, ndalemba kale zambiri. Chimbudzi, sinki ndi bafa zikhale zoyera, osakambirana. Mipopi ya chrome kapena stainless steel, yolemera mukainyamula, ya mtundu woti pulambala wa kwanuko angapeze zipangizo zake. Khoma, tailosi yoyera kapena yotuwira pang'ono ngati mkaka, yopanda maluwa, yopanda lamba, ndipo simukuyenera kuifikitsa kudenga paliponse. Kumtunda pakani penti, ndi mmene mudzasinthire mtundu mukatopa nawo. Pansi, tailosi yosanyezimira, ya mtundu wa mchenga, yolembedwa R10 kapena R11 pa bokosi (zizindikiro za tailosi yosaterera kwambiri), kuti agogo akabwera kudzacheza asadzaterereke. M'shawa ikani zing'onozing'ono kuti mmisiri athe kupendeketsa pansi madzi azithamangira ku dzenje. Grout ya pansi isakhale yoyera, pakatha miyezi yochepa imasanduka yofiirira. Sankhani yotuwa kapena yofanana ndi tailosi. Gulani matailosi onse tsiku limodzi, muonetsetse kuti nambala ya batch ndi imodzi pa mabokosi onse, muonjezere 10 peresenti ya zosweka podula, ndi mabokosi ena awiri oti mubise.

Ndati mubise, mayi, osati musunge. Mukawasiya pa sayiti, foromani adzakuuzani kuti anasweka onse, ndipo mudzakawapeza pakhonde la munthu wina ku Mtandire. Ndipo tsiku limene mmisiri akuika pansi pa shawa, pemphani tchuthi kuntchito, mukaime pomwepo ndi chidebe cha madzi. Thirani iye akuona, musanamulipire.