Mawu a Chingerezi onena za mwana wofika pakhomo mochedwa

Achemwali a ku Santhe, mwati mukukonzekera mayeso a MSCE ndipo mwapatsidwa chimangirizo cha tsiku limene munafika pakhomo usiku, koma mawu amene akukubwererani m'mutu ndi "angry" ndi "punish" okha. Tiyeni tiitsate nkhaniyo momwe imachitikira, kuyambira dzuwa litalowa mpaka m'mawa mwake. Liwu lililonse muliloweze limodzi ndi timawu timene limayenda nato, chifukwa malikisi ambiri amathera pa timawu timeneto.

Kuchedwako amati "I came home late" kapena "I got home late". Ana ambiri amalemba "I came late at home", zomwe ndi zolakwika, chifukwa "home" akatsatana ndi "come", "go" kapena "get" safuna "to" kapena "at". Musaikenso "lately", amene amatanthauza "masiku ano". Nthawi imene makolo anakhazikitsa kuti mwana akhale atalowa m'nyumba ndi "curfew", choncho mutha kulemba "My curfew was six o'clock" kenaka "I missed my curfew". Mukakhalitsa koyenda, ndi "I stayed out late". Ngati mwana sanabwere mpaka kunja kuche, ife timati wagona kunja, koma mukalemba "he slept outside" wowerenga aona munthu atayala mphasa pabwalo. Zoyenera ndi "he stayed out all night". Kuzemba potuluka ndi "sneak out", kulowa monyang'ama ndi "sneak in". Mayi akakhala m'maso kudikira mwana, lembani "My mother waited up for me". Kamawu ka "up" ndi kamene kakusonyeza kuti sanagone. Mukakachotsa kwatsala kudikira wamba, monga kodikira minibasi pa depoti.

Tsono mwalowa, mwawapeza bambo ali pampando. Apa sankhani liwu molingana ndi kukula kwa zimene zinachitika. Kuchenjeza ndi "warn". Kudzudzula ndi "scold" kapena "tell off", ndipo pa liwu lachiwirili munthuyo amalowa pakati: "He told me off". M'chimangirizo mungagwiritsenso "reprimand", lomwe ndi lolemererako. Akakuyalirani mawu ola lathunthu, ndi "He gave me a lecture". Kukalipa mokweza mawu ndi "He shouted at me". "He shouted me" kulibe, pamene "He shouted to me" ndi kuitana munthu ali patali, mopanda mkwiyo. Liwu la "insult" lisiyeni pokhapokha ngati panali kutukwana kwenikweni. Kulangiza ndi "advise", malangizowo ndi "advice", ndipo sachulukitsidwa: "She gave me some advice", osati "advices".

Ulemu wathu umatipusitsanso pano. Timati "bambo anakwiya", ndiye dzanja limalemba lokha "My father, they were angry". M'Chingerezi munthu mmodzi ndi "he" kapena "she" ngakhale akhale agogo a imvi: "My father was furious". Komanso bambo aang'ono ndi amalume onse ndi "uncle".

Funso la makolo lili ndi njira ziwiri. Mutha kulemba mawu awo enieni: "Where have you been?" my mother asked. Kapena muwafotokoze: "My mother asked me where I had been". Taonani kuti "have" wasanduka "had", mneni wapita kumapeto, ndipo chizindikiro cha funso chachoka. "She asked me that where were you" ndi Chichewa chovala Chingerezi, ndipo wochonga amachiona msanga.

Yankho la mwana: kupeka chifukwa ndi "make up an excuse", monga "I made up an excuse that the bicycle had a puncture at Chinkhoma". Kuyankha mwamwano ndi "answer back" kapena "talk back". Kuvomera kulakwa ndi "own up".

Pa chilango ndi pamene ndikufuna muchedwepo. "Punish" amayenda ndi "for" ndi mneni wothera "-ing": "I was punished for coming home late". Liwu limene mumalimva m'mafilimu ndi "grounded", kutanthauza kuti mwana waletsedwa kupita kocheza kwa masiku angapo, ngakhale kusukulu amapitabe: "I was grounded for two weeks". Ndi liwu labwino, koma musalikakamize ngati kwanu sizinali choncho. M'makomo mwathu muno chilango nthawi zambiri chimakhala ntchito, kulandidwa foni kapena kugona ndi njala, ndipo zonsezi zili ndi mawu ake: "I was given extra chores", "My father confiscated my phone", "I was sent to bed without supper". Nkhani yonena zimene mukuzidziwa imakoma kuposa yongobwereka za kunja.

Aneni awiri, "make" ndi "let", safuna "to": "He made me sweep the yard", "She did not let me go out". Koma mukatembenuza chiganizo cha "make", "to" amabwerera: "I was made to sweep the yard". "Allow" amamufuna nthawi zonse: "I was not allowed to go out". "They refused me to go" n'zolakwika, lembani "They forbade me to go". Akakukhululukirani osapereka chilango, ndi "They let me off with a warning". Ngati sanakugwireni n'komwe, ndi "I got away with it". Kholo lokhwimitsa malamulo ndi "strict", lofewa ndi "lenient".

Kupepesa kumafuna timawu tiwiri, "to" wa munthu ndi "for" wa mlandu: "I apologised to my mother for worrying her". Kudandaula ndi zimene munayenera kuchita ndi "I should have phoned", osati "should of". Lembani ziganizo khumi pogwiritsa ntchito mawuwa, zonse m'nthawi yakale, muziike pansi pa yankho lino tizikonze musanayambe chimangirizo chenichenicho.