Kwa achimwene amene mwafunsa za C&P exam ya ulcerative colitis

Achimwene, ndawerenga funso lanu kawiri. Mwati munatumikira mu US Army, madokotala anakupezani ndi ulcerative colitis (matenda a zilonda za m'thumbo lalikulu), munalembetsa ku VA, unduna woona za asilikali akale ku America, kuti muzilandira chipukuta misozi, ndipo kalata yabwera yoti mukayezedwe pakatha masabata atatu, kuyeza kuja amati C&P exam, kumene VA imadalira pogamula za chipukuta misozi. Nkhawa yanu ndi yakuti chiyambireni dripi ya mankhwala a Entyvio thupi labwererako, ndiye woyezayo akakuonani nkhope ili see akalemba kuti munachira. Mwafunsanso ngati mungadumphe dripi yotsatira kuti tsikulo lidzakupezeni mukudwala.

Musadumphe dripi, chonde. Zilonda za m'thumbo lalikulu zikayambiranso sizimva zoti kuyezedwa kwatha zileke. Pali anthu amene matendawa anawabukira mpaka thumbo lonse kuchotsedwa, ndiponso mankhwala a gulu limeneli ukamawadumphadumpha nthawi zina amasiya kukugwira. Komanso dripi imene mukufuna kuthawayo ndi mboni yanu. Ndifotokoza.

Kuyambira pa 19 May 2024 VA inasintha kawerengedwe ka matenda a m'mimba ndi matumbo. Lamulo lake ndi 38 CFR 4.114. Ulcerative colitis nambala yake ndi 7323, koma tsopano amaiyeza ndi muyeso wa nambala 7326, womwenso amayezera matenda a Crohn. Kale muyeso unali wa mawu otanuka, akuti kaya matenda amabuka pafupipafupi kapena mwa apo ndi apo, kaya munthu wawonda chifukwa chosowa zakudya m'thupi. Watsopanowu umayang'ana kwambiri zinthu zitatu: mankhwala amene mukulandira, maulendo amene mumatsekula m'mimba pa tsiku, ndi zizindikiro zoti matenda akhudza thupi lonse, monga kutentha thupi, mtima kugunda mothamanga kapena kuchepa magazi.

Amene akumwa mapiritsi ngati mesalamine kapena kuika mankhwala kunjira ya chimbudzi, m'mimba mumapweteka mobwerezabwereza, amatsekula kosapitirira katatu pa tsiku, ndipo zizindikiro zina zija alibe, amagwera pa 10 peresenti (peresenti ndi imene imanena kukula kwa chipukuta misozi). Zizindikirozo zikamaoneka pang'ono, ndi 30. Pa 60 ndi pamene muyenera kuwerenga mofatsa, chifukwa ndi pa munthu amene akulandira mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kapena ma biologic, monga azathioprine, Remicade, Humira ndi Entyvio yanuyo, m'mimba mukupwetekabe mobwerezabwereza, akutsekula kanayi kapena kasanu pa tsiku, ndipo nthawi ndi nthawi thupi limatentha, mtima umathamanga kapena magazi amachepa. Pa 100 ndi pamene mankhwala akanika, munthu amagonekedwa m'chipatala kamodzi kapena kuposa pa chaka, ndipo mwina sangathenso kugwira ntchito, kapena m'mimba mumapweteka limodzi ndi ziwiri mwa izi: kutsekula ka 6 kapena kuposa pa tsiku, kutaya magazi kuchimbudzi ka 6 kapena kuposa pa tsiku, kudziyipitsira mobwerezabwereza, kapena mimba kufufuma. Ngati munalembetsa tsiku la 19 May 2024 lisanafike ndipo nkhani ikadali m'njira, muyeso wakale uja ukugwirabe ntchito pa nkhani yanu, choncho muuwerenge nawonso.

Mwaona kuti mulibe mawu oti nkhope ya munthuyo ikuoneka bwanji. Muli manambala. Ndipo apa ndi pamene ife timagwa.

Ine ndinagwapo. Ulendo wanga woyamba wokayezedwa ndinasamba, kuvala shati yosita, kufika nthawi isanakwane. Mayi amene amandiyeza anandilonjera nkundifunsa kuti ndili bwanji, ine pakamwa panangotuluka zija tinakula nazo, kuti ndili bwino. Usiku wa tsiku lomwelo ndinali nditadzuka katatu. Atafunsa za kuchimbudzi ndinayang'ana pansi nkunena kuti nthawi zina zimavutako. Za magazi ndinati pang'ono. Za tsiku limene ndinadziyipitsira m'galimoto, nditagwidwa mu mzere wa magalimoto pamsewu waukulu, mpaka kubwerera kunyumba nditakhalira pepala la pulasitiki, sindinatchule nkomwe. Kalata itabwera inali 10 peresenti. Ndinakwiya, koma nditapeza lipoti lake ndinaona kuti mayi uja sanandinamizire kalikonse. Analemba zimene ndinamuuza.

Tinaleredwa kuti za kuchimbudzi munthu wamkulu satchula. Timati ndikupita kuseri, ndikukadzithandiza. Kenako usilikali unadzawonjezera zake, zoti ululu umameza, kumwa mapiritsi opha ululu a Motrin ndi madzi nkubwerera pamzere. Makhalidwe awiriwa akakumana m'chipinda choyezera, munthu amadzimana yekha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu suli wophiphiritsa ayi. Woyezayo sagona kunyumba kwanu. Sadziwa kuti mukafika pamalo achilendo maso amayamba afufuza komwe kuli chimbudzi musanapereke moni.

Ndiye yambani lero lino kulemba. Kabuku kakang'ono kokwana m'thumba kapena foni, zonse ndi zabwino. Ulendo uliwonse wa kuchimbudzi lembani nthawi, ngati chinali chamadzi, ngati munali magazi kapena zonanda, ngati munachita kuthamanga, ngati zinakudzutsani usiku. Lembaninso maulendo aja mumamva kuti chimbudzi chafika, mukakhala osatuluka kanthu koma ululu wokhawokha. Madokotala amakutcha tenesmus, ndipo ambiri sitikuwerengera poganiza kuti si ulendo weniweni. Muzidziyeza kutentha kwa thupi madzulo mukamva kuzizidwa, chifukwa kunena kuti ndimamva ngati malungo nkosiyana ndi kuonetsa tsiku ndi nambala. Masabata atatu ndi ochepa, komabe aposa kungodalira kukumbukira. Poti muli pa dripi ya masabata 8 aliwonse, onetsetsani ngati zinthu zimaipa sabata lomaliza dripi ina isanafike. Ambiri zimatichitikira, ndipo ndi choonadi chofunika kuchinena.

Tsikulo akakufunsani kuti mumatsekula kangati, musayankhe za tsiku limenelo lokha. Nenani zonse ziwiri: sabata labwino ndi kangati, matenda akabuka ndi kangati, amabuka kangati pa chaka, ndipo amatenga masiku angati. Ngati tsikulo mwadzuka bwino, nenani kuti lero ndi tsiku labwino, koma mwezi watha zinali chonchi. Osawonjezera ngakhale ulendo umodzi. Bodza pa nkhani za VA ndi mlandu, ndiponso lipoti lanu amaliika pambali pa mafayilo a dokotala wanu wa matumbo, zikasemphana amayamba kukayikira ngakhale zoona zomwe. Ichi ndi chifukwa chake ndikuti dokotala wanuyonso muzimuuza zoona. Ngati kwa iye mumangoti zikuyenda, fayilo yanu yadzaza ndi mawu oti wodwala ali bwino. Mukhoza kumulembera uthenga sabata lino kumufotokozera momwe zinthu zilili, uthengawo umalowa m'fayilo.

Woyezayo akhoza kukhala wa VA kapena wa kampani yolembedwa ntchito ndi VA, monga QTC, Optum Serve kapena VES. Akhoza kukhala dokotala kapena nurse practitioner, ndipo kawirikawiri si katswiri wa matumbo. Sakupatsani mankhwala, ndipo si iye amene amagamula peresenti. Ntchito yake ndi kudzaza fomu yotchedwa DBQ, ya matenda a matumbo, nkuitumiza kwa ogamula. Fomuyi ili poyera pa webusaiti ya VA. Itsitseni, muiwerenge funso ndi funso muli khale kunyumba, kuti mawu ovuta kutchulawo mukhale mutawatchulapo kale. Ine ulendo wachiwiri ndinayeserera ndi mayi a kunyumba kwathu patebulo, ana atagona. Zinali zovuta kuposa kuyezedwa kwenikweniko, chifukwa zina anazimva koyamba usiku umenewo. Za colonoscopy, kuja kolowetsa kamera m'thumbo, musade nazo nkhawa, pa C&P sachita. Amafunsa mafunso, kukuyezani sikelo, kusindikiza pamimba, mwina kukutumizani kukatengetsa magazi.

Mapepala ofunika kwambiri ndi lipoti la colonoscopy limodzi ndi zotsatira za biopsy (kanyama kaja amadula m'thumbo nkukakayeza), chifukwa lamulo limafuna kuti matendawa atsimikizidwe ndi kamera kapena zithunzi za m'kati. Kenako zotsatira za magazi, makamaka hemoglobin, ferritin ndi CRP, ndi za chimbudzi zija amati fecal calprotectin. Ngati munapatsidwapo ayironi wa mapiritsi kapena wa dripi, umenewo ndi umboni wa kuchepa magazi. Onjezani masiku onse a dripi, maulendo amene munapatsidwa prednisone (mankhwala ochepetsa kutupa), ndi makalata otulutsidwira m'chipatala ngati munagonekedwapo. Zonsezi muzitumize ku VA.gov tsikulo lisanafike, osangozinyamula m'manja, chifukwa woyezayo si amene amalowetsa mapepala m'fayilo yanu. Ngati dokotala wanu wa matumbo si wa VA, musaganize kuti VA ili nazo kale zolemba zake. Fomu 21-4142 ndi imene imawapatsa chilolezo chokazitenga, koma kukatenga nokha nkutumiza kumafulumira.

Poti aka ndi koyamba kulembetsa, pali funso lina lalikulu kuposa peresenti: kodi matendawa akugwirizana ndi usilikali wanu? VA imafuna zitatu, kuti matenda alipo lero, kuti china chake chinachitika kapena chinayamba muli pa ntchito, ndi mawu a dokotala olumikiza ziwirizi. Muyeso wake ndi woti mwayi ukhale theka kapena kuposa, ndipo umboni ukalingana mbali zonse, wopindula ndi msilikali. Ngati anakupezani nawo mukadali mu yunifomu, njira ndi yosalala. Ngati anakupezani mutatuluka, fufuzani m'mafayilo anu a chipatala a ku usilikali. Ambiri timapezamo kuti tinapitapo ku sick call, kokaonana ndi achipatala a ku usilikali, ndi magazi m'chimbudzi, iwo nkulemba kuti ndi matenda a mudzi kapena tinadya zoipa. Ine ndemwe poyamba ndinkati ndi kamwazi, monga tinkaonera kwathu, nkumadikira kuti atha okha. Masamba amenewo muwadziwe masiku ake, mukawatchule. Musadalire kuti poti munapita ku Iraq kapena Kuwait basi zingodutsa. Lamulo la asilikali a ku Gulf limavomereza mosavuta matenda ngati IBS, vuto la matumbo limene kamera sipeza chilonda, koma ulcerative colitis ili kunja kwa gulu limenelo, imafuna umboni wakewake.

Alamu athu akhoza kulemba zimene amaona pa fomu 21-10210. Asalembe za udokotala. Alembe zoti mumadzuka kangati usiku, zoti m'galimoto mumakhala kachikwama ka zovala zosinthira, zoti maulendo ataliatali munasiya, zoti ku tchalitchi mumakhala mpando wa kukhomo. Mnzanu amene munali naye gulu limodzi akhozanso kulemba ngati amakumbukira mukutuluka pamzere kuthamangira kuchimbudzi. Za kuntchito nazonso zili pa DBQ, ndiye werengani masiku amene munajomba chaka chino, ndipo ngati munasintha ntchito kapena kukana kukwezedwa chifukwa cha matendawa, nenani.

Matendawa sathera m'matumbo. Ena mawondo ndi msana zimatupa, ena maso amafiira ndi kupweteka, ena zotupa zofiira pamiyendo, ena chiwindi. Prednisone wa nthawi yaitali amafooketsa mafupa. Ndipo pali kuvutika maganizo, kumene amuna sitikonda kuvomera, kobwera chifukwa chokhala moyo wowerengera mtunda wa kuchimbudzi. Zimenezi zikhoza kulembetsedwa pazokha ngati zobwera chifukwa cha colitis, choncho mukazitchule kuti zilowe mu lipoti. Koma dziwani kuti matenda ambiri a m'mimba momwemo VA siwaphatikiza, mwachitsanzo IBS ndi colitis amapereka peresenti imodzi.

Tsiku lisakuphonyeni. Mukapanda kupita popanda chifukwa chomveka akhoza kugamula ndi mapepala okhawo amene ali nawo. Ngati mwadwala kwambiri kapena muli m'chipatala, imbani nambala ili pa kalatayo mwamsanga kuti asinthe tsiku. Fikani msanga, funsani komwe kuli chimbudzi, ndipo chikakupezani pakati pa mafunso, dzukani mupite, palibe chochititsa manyazi. Mukatuluka, musanalize galimoto, lembani nthawi imene munalowa ndi kutuluka, zimene anafunsa ndi zimene sanafunse. Ngati anathamanga osafunsa za magazi kapena za kudziyipitsira, imbani ku VA pa 800-827-1000 tsiku lomwelo, mulembenso pa fomu 21-4138.

Ngati mulibe wokuyimirani, pitani ku mabungwe a asilikali akale monga DAV, VFW ndi American Legion, kapena kwa ofisala wa asilikali akale wa county yanu. Salipiritsa, ndipo amatha kuona lipoti la woyezayo likangolowa. Chenjerani ndi aja amadzaza Facebook ndi malonjezo a 100 peresenti nkumafuna ndalama za miyezi ingapo ya chipukuta misozi chanu. Chigamulo chikabwera chosakukomerani muli ndi chaka chimodzi chopempha kuti wamkulu wina achionenso, kutumiza umboni watsopano, kapena kukadandaula ku Board, bwalo la apilo la VA. Ine ndinadutsa njira ya umboni watsopano, ndinatumiza kabuku kanga ka miyezi itatu, zotsatira za magazi ndi kalata ya mayi a kunyumba, anandiitananso, ndipo ulendo umenewo za m'galimoto zija ndinazinena ndikumuyang'ana woyezayo m'maso.

Mukatsitsa DBQ ija nkupeza funso losamveka, lembani pansi pano kapena ku inbox, ndimayankha madzulo ndikaweruka.