Tengani phiri la Soche, musafune dziko lonse

Achemwali, mwafunsa kuti pa mitu iwiri ya kafukufuku wanu wakusukulu mutenge uti: tengani wa phiri la Soche la ku Blantyre. Uja wa kagwiritsidwe ntchito ka malo m'Malawi monse umakoma pouwerenga, koma nthawi yopereka lipoti ikadzakwana mudzapeza kuti mwangokopera za m'mabuku. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phirilo, vuto lili poyera: nyumba zinakwera phiri, mitengo inatha, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola matope ndi miyala n'kupha anthu ambiri.

Yambani ndi zithunzi zakale za pa Google Earth, muone mmene nyumba zakhala zikukwerera m'phirimo, kenako mujambule mapu pa QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapu, poti ndi yaulere. Koma musathere pa kompyuta. Pa projekiti yathu, mayi wina wogulitsa makala ndi amene anatilozera kakhwawa komwe madzi amatsikira mvula ikagwa, kamene pa chithunzi sikankaoneka n'komwe. Zotere ndiye aphunzitsi amazifuna.

Musanafunse aliyense, kaonekereni kwa mfumu ya deralo ndipo mutenge kalata ya kusukulu. Anthu akaona achinyamata atanyamula GPS amaganiza kuti mwabwera kudzawasamutsa, ndiye pakamwa amatseka.

Nkhani ya malire ndi umwini wa puloti musaigamule nokha, ngakhale akuchondelereni. Imeneyo ndi ya saveya wovomerezeka ndi a ofesi ya zamalo. Ngati malo ndi oyenera kumangapo kapena ayi, funsani a mapulani kukhonsolo ya mzinda wa Blantyre.