Nyali ya DRAM ikayaka, musathamangire kunyamula kompyuta

Achimwene, nditawerenga m'gulu muno kuti pa kompyuta yanu nyali ya DRAM, kanyali ka m'kati kosonyeza vuto la RAM (memory ya kompyuta), ikuyaka osazima, mafani akuzungulira koma sikirini ili bii kuyambira pamene munayatsa XMP, njira yokwezera liwiro la RAM, ndakumbukira zimene zinandigwera chaka chatha, ndipo ndikulemba msanga musanakwere chapa (minibasi) ndi kompyutayo kupita nayo kwa munthu amene simukumudziwa. Amene akukuuzani m'gulu muno kuti motherboard, bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yapsa sanaione kompyuta yanu, ndipo mawu omwewo ndi amene ananditayitsa ndalama ndi kundisowetsa tulo pafupifupi mwezi wathunthu.

Yanga ndinaimanga ndekha kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Muli purosesa ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B450 imene BIOS yake, pulogalamu ya m'bodi yoyambitsa kompyuta, inali itaikidwa kale yatsopano kuti ilandire purosesa imeneyi, ndi ma RAM awiri a DDR4 ogulidwa m'paketi imodzi, a 8 GB iliyonse, olembedwa liwiro la 3200. Theka la ndalama linali langa, theka linalo linali la mng'ono wanga, amene anagulitsa kachewere wa m'dimba mwake kuti tikhale ndi makina amodzi ochitira masewera komanso ophunzirira kukonza mavidiyo. Inagwira bwino milungu itatu. Tsiku lina ndinaona mu Task Manager ya Windows kuti RAM ikuyenda pa 2133 m'malo mwa 3200, ndipo ndinaganiza kuti ndanamizidwa pogula, osadziwa kuti umo ndi mmene ma RAM ambiri a DDR4 amayambira: amayenda pa liwiro lotsika ndi magetsi a 1.2 V, ndipo nambala yaikulu ya pa paketi imafikidwa pokhapokha munthu atayatsa XMP, imene imakwezanso magetsi kufika pa 1.35 V. Ndinalowa mu BIOS, ndinayatsa XMP, ndinadina F10, ndipo kompyuta inazima n'kuyaka katatu yokha, kenako inangokhala ndi kanyali ka DRAM koyaka, monga mmene yanu ilili panopa.

Ndikanadziwa kufufuta CMOS, malo amene BIOS imasungira makonzedwe ake, nkhani yonse ikanathera pamenepo m'mphindi 10. Sindinadziwe, ndipo mantha anandilamulira. M'mawa mwake ndinakulunga kompyuta m'bulangete, ndinaikhazika pamiyendo m'chapa, ndinadutsa Moatize mpaka kuwoloka mlatho wa Samora Machel kulowa mumzinda wa Tete, m'kutentha kwa October kumene aliyense wa ku Tete akukudziwa, kufuna mmisiri amene munthu wina anandilozera. Anaiyatsa kamodzi, anayang'ana kanyaliko, nandiuza kuti ndi ntchito yochepa koma ndiisiye. Anatenga 1,500 meticais ya kungoyang'ana. Masiku 9 anadutsa ndikuimba foni, tsiku lina osayankha, tsiku lina akuti ali kumaliro, mpaka anandiuza kuti motherboard yapsa chifukwa cha magetsi a kwathu, ndipo nditumize ndalama ya ina yatsopano imene iye yemweyo angandigulire. Ndalama ndinalibe, choncho ndinapita kukaitenga. Anandipatsa ili yotsekedwa bwinobwino ndi masikuluu onse, ndipo ine sindinaitsegule pamaso pake, chinthu chimene chimandipwetekabe mpaka lero.

Ndinafika kunyumba usiku, magetsi atazima, ndipo ndinaitsegula patebulo lodyera, mng'ono wanga akundiunikira ndi tochi ya foni. Choyamba chimene ndinaona n'chakuti ma RAM sanali ofanana. Imodzi inali yanga ija yokhala ndi chitsulo chakuda choziziritsira, inayo inali yobiriwira, yopanda chophimba, ya 8 GB koma yolembedwa 2666, ya mtundu wina umene sindinaugulepo. Ndinaizula n'kuitembenuza kangapo, kuwerenga kapepala kake mobwerezabwereza ngati kuti manambala angasinthe. Kenako ndinaona kuti choziziritsira purosesa chinamangidwa mopendekeka, sikuluu imodzi yomangitsidwa kwambiri, ina yongokodwa, ndipo thermal paste, phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira, inali itapakika mpaka m'mbali mwa soketi imene purosesa imakhalamo. Nditachimasula pang'onopang'ono, purosesa inatuluka yomatirira pansi pake. Ndinaitembenuza pansi pa tochi, ndipo pakona imodzi panali timapini tiwiri topindika, tagona chammbali pakati pa mizere yowongoka ya timapini tinzake. Purosesa ya soketi ya AM4, monga yangayi, ili ndi timapini 1331, ndipo usiku umenewo ine ndinkangoona tiwiri timeneto. Mng'ono wanga sananene kanthu, koma kuwala kwa tochi kunayamba kunjenjemera m'dzanja lake, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati ndalama zake zapita. Ndinalephera kumuyankha. Munthu amene analima, kuthirira ndi kunyamula matumba mpaka kumsika anali ataima pambali panga, ndipo ine mkulu wake ndinali nditapereka chuma chake m'manja mwa munthu amene sindinamufunse ngakhale risiti.

Chimene chimandikwiyitsa pa mmisiri uja si kulephera kukonza, pakuti aliyense amalephera. Ndi bodza. Purosesa za AM4 zimadziwika kuti zimazuka pamodzi ndi choziziritsira ngati munthu akoka molunjika popanda kupotoza kaye, ndipo n'zachionekere kuti iye anakoka choncho, napinda timapini, naikankhira m'malo mwake mokakamiza, kenako anasankha kunamizira magetsi a ku Angónia m'malo movomera. Pamwamba pa zimenezo anatenga RAM yanga yabwino n'kuika yake yakale, podalira kuti munthu wochokera kumudzi sadzatsegula kuti aone. Nditamuimbira m'mawa anakana zonse, nati ndinabwera nayo ili choncho, ndipo ndinalibe chithunzi ngakhale chimodzi chomutsutsira. Anthu oterewa amaononga dzina la amisiri oona mtima, ndipo amadya thukuta la anthu amene anasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule chipangizo chimodzi.

Tsiku lotsatira ndinakhala pakhomo padzuwa ndi pensulo ija yoikamo mitsonga ya 0.5, nditachotsamo mtsonga wake, ndipo ndinalowetsa kapini kalikonse m'kabowo ka kumapeto n'kukadzutsa pang'onopang'ono, kenako ndinadutsitsa lezala pakati pa mizere kuti ndione ngati tawongoka. Zinanditengera pafupifupi ola limodzi chifukwa kapini kakathyoka sikabwereranso. Purosesa italowa yokha m'soketi popanda kukankha, ndinatseka kachitsulo kake, ndinapaka thermal paste yatsopano, ndipo ndinamanga masikuluu mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, kuti mphamvu ifanane mbali zonse. Zimenezi zikukhudzana ndi RAM chifukwa gawo lolamulira RAM lili m'kati mwa purosesa momwemo, choncho kapini kamodzi kopindika, kapena choziziritsira chomangidwa mopendekeka, chingachititse kuti nyali ya DRAM iyake pamene ma RAM enieniwo alibe vuto lililonse. Kenako ndinachotsa batire ya CMOS, ndinaibwezera patapita mphindi 5, ndinaika RAM yanga yokha, ndipo nditadina batani kanyali kanachoka pa CPU (purosesa), kanaima pa DRAM kwa masekondi angapo amene ndinaona ngati chaka, kanapita pa VGA (graphics card, chipangizo chotulutsa zithunzi), kenako chizindikiro cha motherboard chinaoneka pa sikirini. Motherboard imene anati yapsa ndi imene ndikulembera uthenga uno.

Tsopano inu, achimwene, chitani izi musanaononge khobidi lililonse. Zulani waya wa magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 10 kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta musanakhudze chilichonse m'kati. Chotsani batire yozungulira ija ya CR2032, ya 3 V, muisiye kunja mphindi 5. Ngati yabisika pansi pa graphics card, pali timapini tiwiri tolembedwa CLR_CMOS, kapena JBAT1 pa mabodi a MSI, timene mungatigunditse pamodzi ndi nsonga ya chomangira masikuluu kwa masekondi 10, waya ali wozula. Zimenezi zimabwezera makonzedwe a BIOS mmene analili pochokera kufakitale ndipo XMP imazima, ndiye popeza vuto lanu linayamba pamene munaiyatsa, ndikukhulupirira kwambiri kuti kompyuta yanu iyaka pamenepa.

Ikakana, chotsani ma RAM onse n'kuika imodzi yokha m'slot (mpata woikamo RAM) ya A2, imene pa mabodi ambiri a maslot anayi ndi yachiwiri kuchokera ku purosesa. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amaopa kukankha. RAM imafuna mphamvu ndithu: yang'anani kuti kampata ka pakati pa timano take kagwirizane ndi kamtunda ka m'slot, kenako kankhani mbali zonse ziwiri ndi zala zazikulu mpaka imveke kuti tha, ndipo tizokowera titseke tokha. Mabodi ena ali ndi kokowera ka mbali imodzi yokha, ndipo mbali yopanda kokowerayo ndi imene imatsalira m'mwamba pang'ono osaoneka. Ikayaka ndi imodzi, zimitsani muyese inzakeyo m'slot yomweyo. Imodzi ikayaka inayo ikakana, mwapeza RAM yodwala. Zonse zikayaka payokhapayokha, ziikeni m'A2 ndi B2, osati moyandikana, chifukwa m'menemo ndi mmene zimagwirira ntchito m'njira ziwiri nthawi imodzi. Fumbi la kwathu kuno limalowanso paliponse, choncho pukutani timano tagolideto ndi labala yoyera mofatsa, ndi kupemerera m'slot musanabwezeretse. Ngati makina anu ndi a DDR5, makamaka pa soketi ya AM5, musafulumire kuzimitsa, chifukwa poyaka koyamba kapena CMOS itangofufutidwa, motherboard imayesa RAM kwa mphindi zingapo nyali ya DRAM ili yoyaka ndi sikirini yakuda, ndipo munthu wosadziwa amaganiza kuti yafa pamene ikugwira ntchito yake.

Purosesa musaikhudze ngakhale pang'ono. Ndikudziwa kuti yanga inachira chifukwa ndinaizula ndi kuiwongola ndekha, koma chimenecho ndinachita nditasowa pogwira, ndipo sindingafunire munthu wina ola limenelo. Pokhapokha ma RAM onse awiri atakana m'maslot onse, kapena akuyaka m'A2 koma akukana nthawi zonse m'B2, m'pamene mungamasule pang'ono masikuluu a choziziritsira n'kuyesanso, ndipo mukafuna kuchichotseratu, muzichipotoza kumanja ndi kumanzere chisanakwezedwe.

Ikadzayaka, musabwerere pomwepo ku 3200. Onani kaye patsamba la kampani imene inapanga motherboard yanu ngati pali BIOS yatsopano, pakuti zatsopano nthawi zambiri zimathandiza kuti ma RAM osiyanasiyana alandiridwe, koma muiike nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sazima, kapena muli ndi UPS, chipangizo chosunga magetsi, chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchito imeneyo mukhoza kuonongadi motherboard. Patsamba lomwelo pali mndandanda wa QVL wosonyeza ma RAM amene anayesedwa pa bodiyo. Mukayatsanso XMP n'kukana, tsitsani liwiro pamanja kufika pa 2933 muone, kenako ikani MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, pa fulashi, muyatse kompyuta kuchokera pamenepo, ndipo muisiye imalize maulendo ake 4 usiku wonse. Cholakwa ngakhale chimodzi chikaoneka, liwirolo silinakhazikike, ndipo mukhoza kuzionera pakati pa masewera pamene kompyuta ingaime n'kuonetsa uthenga wa vuto wolembedwa MEMORY_MANAGEMENT.

Musasakanize ma RAM a mitundu yosiyana, ngakhale onse atalembedwa 8 GB, chifukwa awiri ogulitsidwa m'paketi imodzi anayesedwa limodzi, pamene osiyana angakane kugwirizana, ndipo akagwirizana amatsatira liwiro la RAM yochedwa. Yanga mpaka lero ikuyenda ndi RAM yanga ija pamodzi ndi yobiriwira ya mmisiri uja, zonse pa 2666, ndipo MemTest86 sinapeze cholakwa chilichonse, koma ndikuzigwiritsa ntchito chifukwa ndilibe ndalama yogulira paketi ina, osati chifukwa ndi njira yoyenera.

Kompyuta yanu isagone kwa munthu aliyense. Ngati zonsezi zalephera ndipo mukufunika thandizo, bwerekani RAM imodzi kwa mnzanu wa m'gulu muno amene ali pafupi nanu, muiyese iye ali pomwepo, kapena mutenge ma RAM anu okha m'thumba mukawayese pa kompyuta yake, m'malo monyamula bokosi lonse m'chapa monga ndinachitira ine. Mukakakamizika kupita kwa mmisiri, jambulani kaye kapepala ka RAM iliyonse kuti nambala yake ioneke, jambulani m'kati mwa bokosi monse, muime pambali pake pamene akugwira ntchito, ndipo mutsegule n'kufananiza ndi zithunzi musanatuluke pakhomo pake.

Chotsani batire ija madzulo ano, muyese RAM imodzi m'A2, kenako mulembe muno dzina la motherboard yanu, zolembedwa pa kapepala ka RAM, ndi nyali imene yatsala yoyaka ngati ilipo. Ndikhala ndikuyang'ana foni mpaka usiku, ndipo ikakanabe tidzapita limodzi slot ndi slot.