Makilomita 10,000 kapena ulendo wa 600? Yankho kwa mnzathu wopalasa maulendo ataliatali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnzathu wina wokonda kupalasa njinga. Dzina ndalisunga, koma mwachidule anati: "Chaka chatha ndinapalasa makilomita 200 kawiri ndipo ndinamaliza bwinobwino. Chaka chino ndikufuna kukwanitsa makilomita 10,000, kupalasa 200 mwezi uliwonse, kumaliza 300, 400 ndi 600, mwinanso 1,000 mphamvu zikakhalapo. Maso anga ali pa Paris–Brest–Paris, ulendo wautali wapanjinga wa ku France. Ndimagwira ntchito masiku asanu pa sabata ndipo ndili ndi banja la ana awiri. Ndiyambire pati?"

Zikomo achimwene pondilembera. Ndisakubisireni, mndandanda wanuwu watalika. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zimene mwatchulazi zonse ndi zabwino, koma sizikokera mbali imodzi, ndipo ikadzafika sabata yoti mwana wadwala kapena bondo layamba kuwawa, mudzafunika kudziwa chimene mungasiye ndi chimene simungasiye.

Choyamba kuchotsa ndi 10,000 yo. Mukaigawa pa masabata 52, ikubwera makilomita pafupifupi 192 sabata iliyonse. Pa liwiro la makilomita 22 pa ola, amenewo ndi maola pafupifupi 9 muli pachishalo, sabata ndi sabata, osadwala, osapita kulikonse. N'zotheka ndithu. Vuto lake n'lakuti nambalayi siinena kanthu za mtundu wa maulendo amene mwayenda. Munthu wopalasa makilomita 28 tsiku lililonse amaipitirira 10,000 chaka chikamatha, koma sanaonepo mmene thupi limachitira pa ola la 16, kunja kwada, m'mimba mukukana chakudya. Komanso nambala imeneyi imalamulira munthu. Tsiku limene mumayenera kupuma mutachoka ku ulendo wautali, mumapezeka mwatulutsanso njinga chifukwa foni ikuonetsa kuti mwatsalira ndi makilomita 150.

Alipo anthu amene cholinga chawo chinalidi kuchuluka kwa mtunda wa pachaka. Tommy Godwin wa ku England anapalasa makilomita 120,805 m'chaka cha 1939, kutanthauza pafupifupi 330 tsiku lililonse. Amanda Coker anafika pa 139,326 mu 2017, mbali yaikulu akuzungulira njira imodzimodzi m'paki ina ku Florida. Koma amenewo ntchito yawo chaka chonsecho inali njinga basi. Inu muli ndi abwana kuntchito ndi ana kunyumba.

Ndikanakhala inu, pakhoma ndikanalemba chinthu chimodzi chokha: Super Randonneur. Amenewa ndi maulendo anayi ovomerezeka otchedwa brevet, a makilomita 200, 300, 400 ndi 600, omalizidwa m'nyengo imodzi. Malamulo ake amachokera ku bungwe la Audax Club Parisien, lomwenso limakonza Paris–Brest–Paris. Wa 200 amakupatsani maola 13 ndi theka, wa 300 maola 20, wa 400 maola 27, wa 600 maola 40. Wotchi siima mukamadya kapena kugona. Ndiye chofunika n'chakuti pa ola lililonse mukhale mutayenda makilomita pafupifupi 15, kuwerengera ndi nthawi yonse imene mwaima. Paris–Brest–Paris yeniyeniyo, imene inayamba mu 1891 ndipo pano imachitika pakatha zaka zinayi zilizonse, ndi ya makilomita 1,200 m'maola osapitirira 90. Inachitika mu 2019 ndi 2023, ndipo yotsatira ndi ya 2027. Kuti akulandireni, maulendo anayi aja muyenera kuwamaliza m'nyengo ya chaka chomwecho. Choncho kuwayeseratu chaka china kumakuthandizani kuti podzafika chaka chenichenicho musadzakhale mlendo.

Pa anayiwo, ambiri amaopa wa 600. Ine umene ndimauopa ndi wa 400. Pa 600 pamakhala mpata wogona maola angapo n'kudzuka ngati ndi tsiku lina. Pa 400 mpata wotero ndi wochepa, ndipo munthu wa liwiro wamba sangathawe mdima. Wanga woyamba ndinaumaliza movutika kwambiri. Miyendo inali bwino. Chimene chinandigwetsa ndi tulo ta m'bandakucha, kuzizira kumene sindinakukonzekere, ndi nyale imene ndinali ndisanaiyesepo usiku wonse. Nditafika kunyumba n'kuyang'ana pa GPS, ndinachita manyazi kuona kuti maola oposa anayi ndinawathera pansi, njinga itatsamira khoma.

Apa ndi pamene ndikufuna muikepo mtima, chifukwa anthu ambiri polemba zolinga amaganiza za liwiro lokha. Tiyeni tiwerenge. Makilomita 400 pa liwiro la 20 ndi maola 20 opalasa. Mutavutika miyezi ingapo n'kukweza liwiro kufika pa 21, mwapulumutsa mphindi 57. Tsopano tiyerekeze kuti paulendowo mwaima kasanu ndi kawiri, ndipo paliponse mwachepetsa mphindi 10. Mwapulumutsa mphindi 70 popanda dontho la thukuta. Ndiye m'malo mwa 10,000 ija, nambala yoti muziitsata chaka chino ikhale iyi: paulendo uliwonse wautali, ndaima nthawi yochuluka bwanji? Muzifika poimapo mukudziwa kale zochita, kudinditsa khadi yotsimikizira kuti mwadutsapo, kudzaza mabotolo, kugula chakudya, kupita kuchimbudzi, n'kunyamuka. Foni muziyang'ana mukamaliza. Mphindi zimenezi pa 600 zimasanduka tulo.

Zina zoti zilowe m'ndondomeko yanu sizioneka zapamwamba. Musanafike pa 400, pitani kokapalasa usiku kawiri kapena katatu, ngakhale maola atatu okha, ndi nyale ndiponso zovala zomwezo zimene mudzagwiritse ntchito. Phunzirani kusintha chubu mumdima ndi kulumikiza tcheni chikaduka. Zoloweretsani m'mimba kudya muli panjinga. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi ndi wochepa, sangakufikitseni patali, ndiye ambiri amayesetsa kudya zopatsa mphamvu zokwana magalamu 60 pa ola. M'mimba mosazolowera mumakana zimenezi, makamaka usiku. Za chishalo ndi kabudula, kupweteka kochepa kumene mumakupirira pa 200 kumasanduka chilonda pa 600, ndipo dzanzi la m'zala limatha kukhala masabata angapo. Ngati pali choti musinthe pa kakhalidwe kanu panjinga, sinthani kumayambiriro kwa chaka, osati kutatsala sabata imodzi.

Kenako tengani kalendala, muyambire pa tsiku la 600 n'kumabwerera m'mbuyo. Pakati pa maulendo aakuluwa ndimakonda kusiya masabata atatu kapena anayi. Ngati n'kotheka, ulendo uliwonse ukhale ndi tsiku lina lapadera loti mukalephera loyambalo mukayesenso, chifukwa chimfine sichifunsa. Masikuwo mukawaonetse akunyumba chaka chisanapite patali. Ulendo wa 600 umadya Loweruka ndi Lamlungu lonse, Lolemba n'kukhala munthu wosathandiza kanthu pakhomo, ndipo amene amasenza ana masiku amenewo ayenera kuvomereza okha, osangouzidwa. M'kati mwa sabata, maulendo awiri afupiafupi, umodzi mwa iwo wolimbikira pa zitunda, ndi okwanira. Sabata yachinayi iliyonse muzichepetsako.

Za 200 mwezi uliwonse, n'zoona kuti Audax UK, bungwe la maulendo oterewa ku Britain, ili ndi mphotho yake yotchedwa Randonneur Round the Year, ya miyezi 12 yotsatizana. Imathandiza kuti munthu asagone m'miyezi ya nyengo yoipa. Koma ikhale yachiwiri. Mwezi wina ikasemphana ndi kupuma kumene mukufunika musanapite ku 600, isiyeni, mudzayambirenso.

Nanga 1,000? Amaupatsa maola 75, ndipo uli ndi phindu limodzi lenileni: m'zaka za 2019 ndi 2023, amene anamaliza brevet yaitali kwambiri chaka cha m'mbuyo mwake ndi amene ankayamba kupatsidwa mwayi wosungitsa malo ku Paris–Brest–Paris. Komabe musaulembe ndi cholembera cha inki. Mukamaliza 600, dikirani masabata awiri, dzanzi lithe m'zala, muone ngati mukuifunabe njingayo mukaiona. Mukatero mundilemberenso, ndipo mundiuze maola amene munaima.