Za kuyabwa kwa amayi kuja

Achemwali, uthenga wanu ndaumvera, pepani ndinali kuntchito. Ndayankha muno poti tilimo akazi okhaokha. Mwati amayi akuyabwa kumaso mpaka usiku sagona, khungu layera mbee, likung'ambika akakanda, ndipo clotrimazole wa kufamase apaka maulendo atatu osasintha. Ndiye ena akuti ndi mauka, akadulidwe.

Chonde chonde, lezala isayandikire pamenepo. Khungu lake ndi lodwala kale, mukalicheka mungowonjezera bala.

Clotrimazole amapha mafangasi basi. Mafangasi kawirikawiri amabwera ndi chikazi choyera cha mibulu ngati chambiko, ndipo mwati amayi alibe zimenezo. Pa foni sindingagamule, koma munthu woti anasiya kupita kumwezi kalekale, khungu n'kuyera, kupyapyala ngati pepala lokwinyika, ine maganizo anga akupita ku nthenda ya khungu yotchedwa lichen sclerosus. Siyopatsirana ayi, ndiye pasapezeke wina woloza bambo chala. Akatswiri amaona kuti chitetezo cha m'thupi ndi chimene chimalimbana ndi khungu lake lomwe.

Mankhwala alipo, opaka, amphamvu, dzina lake clobetasol. Poyamba amapaka pafupifupi miyezi 3, kenako mwa apo ndi apo. Koma musathamangire kukagula, awaone kaye adokotala. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ikalekereredwa, khungu limachita zipsera n'kumatana mpaka kukodza kumavuta, ndipo kwa ochepa, osakwana 5 pa 100, pamabuka khansa. Pakakhala chilonda chosapola kapena kachotupa kolimba, muwauze msangamsanga.

Pakadali pano Dettol uja amathira m'beseni asiye, ndimawadziwa amayi! Sopo wonunkhira, mchere, mandimu, zonsezo ayi. Zinthu zimenezi pazokha zimatha kutupitsa khungu la kumeneko, ngakhale kwa mtsikana. Madzi okha, kupukuta mongogunditsa nsalu osakhula, kenako Vaseline wosanunkhira pang'ono. Panti akhale wa thonje.

Mukafika kuchipatala, amayi adzangoti "ndikumva kutentha m'thupi" chifukwa cha manyazi, n'kubwerako ndi Panado. Mulowe nawo, mufotokoze inuyo, mupemphe namwino wamkazi, ndipo musatuluke asanawayang'ane ndi maso. Awayezenso shuga, imayabwitsanso imeneyo. Akakanika pompo, mupemphe kalata yopita kwa a zakhungu ku Queens.

Ya thiransipoti nditumiza pa Mpamba madzulo ano. Mupite Lolemba, mundiimbire mukatuluka.