Njinga ikundigwetsa pamchenga: vuto ndi mafoloko kapena ndi ine?

Funso: Achimwene, ndimakhala ku England ndipo chaka chatha ndinagula njinga yamoto ya motocross (mpikisano wothamanga pamabwalo adothi), ya injini ya 250cc yamtundu wa four-stroke, kwa munthu wina. Padothi louma ndimayenda bwinobwino. Mwezi watha anzanga ananditengera kubwalo lamchenga ndipo ndinagwa kasanu tsiku limodzi. Tayala lakutsogolo limangolowera kumene lafuna, hendulo imagwedezeka, ndipo ndikangochepetsa moto pokhota ndimapezeka ndili pansi. Kodi mafoloko anga ndi akufa?

Pepani nazo zogwazo, achimwene. Koma mafolokowo, mashoko awiri ogwira tayala lakutsogolo aja, asiyeni kaye, chifukwa yankho mwalitchula nokha pamene mwati "ndikangochepetsa moto".

Mukabweza moto, thupi lanu ndi njinga yonse zimatsamira tayala lakutsogolo. Padothi louma tayalalo limakhala ndi poponda. Pamchenga limamira, n'kuyamba kulima ngati pulawo, ndipo likalowa pansi limadzikhotera lokha. Njinga ya four-stroke imawonjezera vutoli, poti mukangobweza moto injini imagwira tayala lakumbuyo ngati buleki. Mukapatsa moto zimatembenuka: kumbuyo kumakhala pansi, kutsogolo kumapepuka, tayala n'kumayenda pamwamba pa mchenga monga boti lainjini limadzutsira mphuno likathamanga panyanja. Amene anayendetsapo njinga yamoto m'timisewu tamchenga ta ku Salima kapena ku Mangochi nthawi yachilimwe akudziwa kuti pamene wachita mantha n'kuchepetsa liwiro, m'pamene njinga imayamba kuvina.

Chovuta chake n'chakuti mtima umakana. Hendulo ikagwedezeka, dzanja limafuna kubweza moto, mikono n'kuuma gwa. Zonse ziwirizi n'zolakwika. Njinga muigwire ndi mawondo ndi akakolo, osati ndi manja. Imirirani pazopondera, mupondere chakutsogolo kwa phazi, matako apite chakumbuyo kwa chishalo, zigongono zikhale m'mwamba, ndipo hendulo muilole isewere pang'ono m'manja mwanu. Ikagwedezeka sikuti mukugwa, ikungofunafuna njira. Funani makanema a Stefan Everts wa ku Belgium, amene anakhala katswiri wa motocross wa dziko lonse lapansi maulendo 10. Onani mmene ankakhotera makona ena ali chiimire, mapazi onse ali pazopondera, pamene anzake akhala kale pansi n'kutulutsa mwendo. Simudzafika pamenepo mawa, koma muona kumene nkhaniyi ikulowera.

Pakona m'pamene ambiri amapwetekera. Mabuleki amalizeni njinga idakali chilili, isanayambe kupendekeka, ndipo lakutsogolo muzingolikhudza. Mchenga pawokha ndi buleki yamphamvu, choncho mukhoza kufika pafupi ndi kona kuposa mmene munazolowerera musanachepetse liwiro. Khalani pachishalo mochedwa, ndipo musadzikankhire pathanki monga mumachitira padothi louma. Khalani pakati, mapewa apite kumbuyo pang'ono. Mukangokhala, moto uyambe, ndipo usaduke mpaka mutatuluka. Moto wake ukhale wokoka mosadukiza, osati wongobwanyula kamodzi. Kona imene mumaikhota ndi giya 2 padothi louma, yesani giya 3. Giya yotsika imangofukula dzenje, injini n'kumalira popanda njinga kupita patsogolo.

Maso aziona kutali, kumene mukufuna kukatulukira. Mukayang'ana mzere umene uli pansi pa tayala, mugweramo.

China chimene chimadabwitsa achilendo n'chakuti bwalo lamchenga silikhalitsa mmene mwalipezera. Mulu wa mchenga umene munatsamirapo pokhota ulendo woyamba, pofika ulendo wachisanu wagumuka kapena wasunthira kunja. Panjira yowongoka pamabadwa mabampu aataliatali onga mafunde. Amenewa musamalowe m'chigwa chilichonse. Pepukitsani kutsogolo, tayala lizigunda nsonga za mafundewo, ndipo kawirikawiri m'mphepete mwa njira mumakhala mosalala kuposa pakati. Mpikisano wa MXGP, wa akatswiri a dziko lonse lapansi, umatenga mphindi 30 kuwonjezapo maulendo awiri ozungulira bwalo, ndipo ku Lommel, bwalo la ku Belgium lodziwika ndi mchenga wakuya, amene amapambana ndi amene amasintha njira zake bwalo likamasintha.

Musadzione ngati wolephera. M'chaka cha 2012 mpikisano wa mayiko wa Motocross of Nations unachitikira ku Lommel komweko. Timu ya America inali itapambana zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana kuyambira 2005, koma pamchenga umenewo inathera pa nambala 3, chikho n'kupita ku Germany. Jeffrey Herlings wa ku Netherlands, amene ambiri amamutcha mfumu ya mchenga, anapambana mpikisano wake woyamba wa Grand Prix, wa akatswiri a dziko lonse lapansi, ku Valkenswaard m'dziko lakwawolo mu 2010 ali ndi zaka 15. Anakulira pamabwalo amchenga a kwawo. Inu mwapitako tsiku limodzi lokha.

Funso: Ndamva, koma palibe chimene ndingasinthe panjingayo kuti indithandize? Cholinga changa n'kudzalowa nawo Weston Beach Race.

Chilipo, ndipo choyamba ndi tayala lakumbuyo. Tayala lamchenga lili ndi mano opindika ngati supuni, amene amakumba mchenga n'kuuponyera kumbuyo. Dunlop Geomax MX14, Pirelli Scorpion MX Soft ndi Michelin Starcross 6 Sand ndi ena mwa amtunduwu. Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani chimenechi. Mungokumbukira kuti padothi louma limaterereka ndipo manowo amatha msanga, ndiye muzilivula mukabwerera kubwalo lanu. Mpweya wa m'matayala yambirani pa 12 kapena 13 psi pa geji yoyezera mpweya.

Kenako tifuna njinga ikhale yokwera kutsogolo, yotsika kumbuyo. Yezani sag, kutanthauza mmene kumbuyo kumatsikira inu mutakwera mutavala zonse za mpikisano. Njinga zambiri zazikulu zimaikidwa pafupi ndi mamilimita 105; pamchenga ionjezeni ifike 108 kapena 110. Mafoloko atsitseni m'zomangira zake ndi mamilimita atatu kapena asanu, kuti nsonga zake zitsale pang'ono kulingana ndi chomangira chapamwamba. Mukatero njinga imatalika pang'ono, siifulumira kukhota, koma imakhazikika paliwiro, ndipo pamchenga n'zimene tikufuna. Compression ya mafoloko, kutanthauza kulimba kwake akamapanikizika, ilimbitseni ndi makiliki awiri kapena atatu a sikuluwu yosinthira kuti kutsogolo kusamagwade, ndipo rebound ya shoko yakumbuyo, kutanthauza liwiro limene imabwerera nalo ikapanikizika, ichedwetseni ndi kiliki imodzi kapena ziwiri kuti isamakuponyeni m'mwamba pamafunde aja.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: musanagwire sikuludiraiva, werengani makiliki amene alipo panopa n'kuwalemba papepala. Ndipo muzisintha chimodzichimodzi, muyende maulendo angapo, kenako china. Ndalandirapo njinga zambiri zimene eni ake anapotokola chilichonse tsiku limodzi mpaka osadziwanso pobwerera.

Za Weston, mpikisano umenewu umachitikira pagombe la Weston-super-Mare ndipo ndi wa maola atatu, okwera mazanamazana akulimbirana milu ya mchenga yomweyo. Ndi wofanana ndi Enduropale ya ku Le Touquet ku France, imene anayambitsa Thierry Sabine mu 1975. Ine ndikanati mudikire chaka chimodzi. Muyambe mwatha kuyenda mphindi 20 pamchenga osapuma komanso mikono osauma, chifukwa munthu akatopa amakhala pansi, ndipo akakhala pansi pamafunde aja ngozi siichedwa.

Funso: Bambo, ndili ku Cape Town. Mwana wanga wa zaka 12 amakwera njinga ya injini ya 85cc yamtundu wa two-stroke. Tikapita kubwalo lamchenga madzi a muradiyeta amawira, ndipo masiku ano njingayo ikuvuta kuliza. Tikulakwitsa chiyani?

Mayi, mwachita bwino kufunsa msanga, ndipo ndikupempha kuti mwanayo asaikwerenso mpaka mutaona zimene nditchulezi.

Pamchenga injini imagwira ntchito yolemetsa nthawi yonse, ngati ikukwera phiri losatha. Imatentha kwambiri, imamwanso petulo wambiri. Pamwamba pa izo, mchenga wochokera kwa amene ali patsogolo umatseka timipata ta radiyeta, mphepo n'kulephera kudutsa. Akamaliza ulendo uliwonse, chotsani timapulasitiki ta kutsogolo kwa radiyeta, mutsuke ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera kumbuyo kwake kuti mchenga utulukire kumene unalowera. Ambiri amakutira timapulasitikito ndi kaneti kopyapyala kuti mchenga uzigwa usanafike pa radiyeta. Chitsekero cha radiyeta musachitsegule injini ikadali yotentha, madzi ake amawotcha koopsa. Muonenso ngati mwanayo sakukhalira kukoka kilatchi pakona iliyonse, poti kilatchi yoseweretsedwa imatenthetsa oyilo ndi injini yomwe.

Popeza ndi two-stroke, kabuleta nayonso ifunika kuiganizira. Injini yoyenda ndi moto wonse kwa nthawi yaitali imafuna mafuta ochulukirapo, apo ayi pisitoni imatentha mpaka kugwira. Pamchenga timakweza main jet, kachitsulo kobowola kamene petulo amadutsamo mu kabuleta, ndi sitepe imodzi, makamaka kumalo otsika a kunyanja ngati kwanuko, kumene mpweya ndi wochuluka kuposa ku Johannesburg. Ngati njingayo munaigula kumtunda ndipo majeti sanasinthidwe, chimenecho chingakhale gwero la kutenthako.

Koma chimene chandidetsa nkhawa ndi kuvuta kulizako. Nthawi zambiri chimasonyeza kuti mchenga wadutsa fyuluta ya mpweya n'kukadya malingi a pisitoni. Fyuluta pamchenga siigona tsiku lonse. Muzipita ndi ziwiri kapena zitatu zotsuka kale, zopakidwa oyilo wake wa fyuluta paliponse, n'kumasintha akamaliza ulendo uliwonse wautali. M'mphepete mwake mmene imakhudzana ndi bokosi pakani girizi pang'ono, ndipo musanaivule pukutani mchenga wa m'bokosimo kuti usagwere mkati. Tcheni nachonso musachipake oyilo womata kwambiri, chifukwa akasakanikirana ndi mchenga amadya tcheni ndi sipuloketi ngati tupa. Potsuka ndi makina opopera madzi mwamphamvu, musalozetse pamabelingi kapena pamasilo a mafoloko, mungakankhire mchenga mkati.

Lero lomwe vulani fyulutayo, mutenge kansalu koyera, mupukute mkati mwa paipi yarabala imene imachoka pafyuluta kupita ku kabuleta. Kansaluko kakatuluka koyera, kayezetseni compression ya injini (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya) kwa makaniko ndipo muyang'anenso pulagi. Mukamva timchenga m'zala, ngakhale tochepa, uzani makanikoyo atsegule pamwamba pa injini aone pisitoni, malingi ndi silinda, mwanayo asanailizenso.